Mpanda wa akazi a mfumu ku Beijing: gwero la nthano za chikondi ndi ziwembu

Mabuku ambiri a nthano za chikondi cha m'nyumba ya mfumu ku China amazika nkhani zawo m'Forbidden City ku Beijing, mpanda wachifumu womwe mfumu Yongle inamangitsa kuyambira 1406 mpaka 1420, ndipo mafumu 24 a maufumu a Ming ndi Qing anakhalamo. Owerenga ena amaganiza kuti nsanje ndi ziwembu za m'nthanozi ndi zokometsera chabe za olemba, koma zambiri zinkachokera m'malamulo enieni a mpandawo, makamaka mu ufumu wa Qing wa mtundu wa Amanchu, womwe unalanda Beijing mu 1644.

Pakatha zaka 3 zilizonse, mabanja a m'magulu 8 a nkhondo amene ankachirikiza ufumu wa Amanchu ankakakamizidwa kutumiza ana awo aakazi otha msinkhu kuti akaonedwe, ndipo mtsikana sankaloledwa kukwatiwa asanadutse pa kusankhako. Ankabwera pa ngolo zokokedwa ndi nyulu, n'kulowera pa chipata cha kumpoto cha Shenwu. Aliyense anali ndi kathabwa kolembapo dzina la bambo ake ndi gulu lawo. Kathabwako kakasungidwa, ndiye kuti wasankhidwa, kakabwezedwa ankapita kwawo kukakwatiwa. Wosankhidwayo ankalowa m'mitala yosanjidwa mwaudongo: mfumukazi inali 1, wotsatira wake 1, kenako 2, 4 ndi 6, ndipo pansi pawo panali magawo atatu opanda malire a chiwerengero. Ndalama za pachaka, nsalu, nyama, makala otenthetsera chipinda m'nyengo yozizira ndi chiwerengero cha adzakazi zinkatsata udindowo, moti kutsitsidwa gawo limodzi kunkaonekera m'mbale tsiku lomwelo.

Njira yodalirika yokwerera pamwamba inali kubereka mwana wamwamuna, ngakhale kuti mwanayo ankaperekedwa kwa akazi oyamwitsa ndipo nthawi zambiri ankaleredwa ndi mkazi wina wa mfumu. Popeza Amanchu analibe lamulo loti mwana woyamba ndiye wolowa ufumu, mwana aliyense anali chiyembekezo cha mayi wake ndi chiopsezo kwa anzake. Ana a mfumu Kangxi analimbirana mpando mpaka iye anachotsa wolowa ufumu, Yinreng, mu 1708 ndiponso mu 1712. Yongzheng, mmodzi mwa anawo, amene anapambana mu 1722, anatopa nazo ndipo anakhazikitsa mwambo wolemba dzina la wolowa ufumu mwachinsinsi n'kulitsekera m'bokosi kuseri kwa chikwangwani cha m'nyumba ya Qianqing, kuti lidzatsegulidwe mfumu itamwalira.

Palibe amene anaidziwa njira yokwera pobereka mwana wamwamuna kuposa Cixi. Analowa mu 1852 pa udindo wotsika, koma mu 1856 anaberekera mfumu Xianfeng mwana wamwamuna yekhayo amene anakula. Mfumuyo itamwalira ku Chengde mu 1861, anagwirizana ndi mfumukazi Ci'an komanso Prince Gong, mng'ono wa mfumuyo, n'kugwetsa nduna 8 zimene zinasiyidwa kuti zilere ufumu, ndipo mtsogoleri wawo Sushun anadulidwa mutu. Kuyambira pamenepo ankamva nkhani za boma atakhala kuseri kwa nsalu yotchinga, kamwana kali pa mpando kutsogolo kwake, ndipo mphamvu zake zinafika mpaka imfa yake mu 1908.

Chimene chimandiwawa ine m'mbiri imeneyi n'chakuti chikondi cha mfumu, chomwe nthano zimachitenga ngati mphoto, sichinkateteza munthu, ngakhale udindo weniweniwo sunali linga. Mfumukazi yachiwiri ya mfumu Qianlong, ya ku banja la Nara, inameta tsitsi lake pa ulendo wa ku Hangzhou mu 1765, pamene kwa Amanchu kumeta kotere kunali kwa pamaliro ndipo kunaoneka ngati kutemberera mfumu ndi mayi ake. Inabwezedwa ku Beijing, n'kulandidwa zizindikiro za udindo ndi adzakazi ambiri, ndipo itamwalira mu 1766 sinaikidwe mwaulemu wa mfumukazi.

Mkazi wotchedwa Zhen, wokondedwa wa mfumu Guangxu yomwe inalowa ufumu mwana wa Cixi atamwalira, anaona zoopsa koposa. Anaima kumbali ya mwamuna wake pa nthawi yofuna kusintha kayendetsedwe ka boma mu 1898, ndipo Cixi atathetsa kusinthako, onse awiri anatsekeredwa m'malo osiyana. Mu August 1900, asilikali a mayiko 8 akulowa mu Beijing ndipo a kubanja lachifumu akukonzekera kuthawira ku Xi'an, amuna ofulidwa otumikira m'mpandamo anamuponya m'chitsime molamulidwa ndi Cixi, ali ndi zaka 24, ndipo mfumu yomwe inkamukondayo inalibe mphamvu yomulanditsa. Mtembo wake unavuulidwa chaka chotsatira, ndipo boma lomwelo linamukweza udindo ali wakufa, likulengeza kuti anadzipha yekha posunga ulemu wake.