Msipu wa gulu si msipu wopanda mwini

Kwa zaka zambiri, ngakhale m'makalasi a zachuma, anthu akhala akukhulupirira kuti nkhalango, msipu kapena nyanja ya anthu onse imatha basi, pokhapokha boma litailanda kapena itagawidwa kwa anthu paokhapaokha. Ganizoli linatchuka mu 1968 kudzera mwa Garrett Hardin, wasayansi wa ku America, amene ankati m'busa aliyense amangowonjezera ziweto mpaka udzu kutheratu.

Koma Elinor Ostrom, wofufuza wa ku yunivesite ya Indiana ku America, anasonkhanitsa umboni wa zimene zimachitikadi m'midzi. Ku Törbel, m'mapiri a ku Switzerland, lamulo la mu 1517 linkaletsa munthu kupititsa kubusa ng'ombe zoposa zimene akanatha kudyetsa yekha m'nyengo yozizira, ndipo msipuwo unakhalapo zaka mazanamazana. Hardin sanasiyanitse malo opanda mwini ndi malo a gulu lokhala ndi malire, alonda ndi chindapusa. Kafukufukuyu anam'patsa Ostrom mphoto ya Nobel mu 2009.

Asodzi a pachilumba cha Mbenji ku Salima sangadabwe nazo n'komwe: kumeneko mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi m'nyengo yamvula chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane.