Sitiroko yotseka mtsempha: magazi amene amatenga kuchipatala aja amayezamo chani?

Abale, munthu akangopindika pakamwa mwadzidzidzi, mkono umodzi wagwa sukukwera, mawu akutuluka ngati lilime lalemera, mukafika naye kuchipatala anesi amathamangira kumubaya chala ndi kutenga magazi pamkono. Achibale ambiri amaganiza kuti magaziwo ndi amene anene ngati ndi sitiroko. Ayi, mpaka pano palibe kuyeza magazi komwe pakokha kungatsimikize zimenezo, koma magazi aja ali ndi ntchito yake yayikulu ndithu.

Sitiroko ilipo ya mitundu iwiri. Yochuluka, pafupifupi 85 mwa 100 aliwonse, ndi ija magazi amaundana n'kutseka mtsempha wopita ku ubongo, inayo ndi ya mtsempha kuphulika magazi n'kutayikira mkati mwa mutu. Kunjaku zimaoneka zofanana koma mankhwala ake ndi osiyana kwambiri, ndipo chosiyanitsa ndi CT scan ya mutu, makina ojambula mkati mwa mutu omwe amapezeka mzipatala zikuluzikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndiye chonde osamupatsa aspirin kunyumba, ngati mtsempha waphulika aspirin amangowonjezera kutaya magazi.

Kubaya chala kuja akuyeza shuga, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amatha kufa mbali imodzi ngati sitiroko yeniyeni, makamaka odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, akangomupatsa glucose mphindi zochepa wayambanso kulankhula. Magazi a mubotolo aja amawerenga ma platelets, tizinthu tothandiza magazi kuundana, ndi kuyeza INR, yoonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, kwa amene amamwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), poti mankhwala osungunula magazi oundana otchedwa alteplase amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambireni vuto, ndipo sapereka ngati ma platelets ali pansi pa 100,000 kapena INR yapitirira 1.7. Amaonanso impso, mafuta a m'magazi, HbA1c yomwe imaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera miyezi iwiri itatu yapitayi, komanso troponin kuti aone ngati mtima nawo wavulala.

Kwathu kuno amayezanso HIV ndi chindoko, ndipo musakhumudwe akakupemphani. Kafukufuku amene anachitikira ku Queen Elizabeth n'kusindikizidwa mu 2016 anapeza kuti BP yokwera ndi HIV ndi zomwe zikubweretsa sitiroko kwambiri ku Malawi, HIV makamaka kwa achinyamata, ndipo chiopsezo chinali chachikulu miyezi 6 yoyambirira munthu atayamba ma ARV. Izi sizikutanthauza kuti musiye ma ARV ayi, kusiya ndiye koopsa, chofunika ndi kuyamba msanga chitetezo chisanatsike ndi kumayezetsa BP nthawi zonse mukapita kukatenga mankhwala.

Pali zina zomwe akatswiri akuzifufuzabe ndipo ine zimandipatsa chiyembekezo, chifukwa zikadzatheka zingadzathandize zipatala zakumudzi zopanda CT scan. Ubongo ukavulala umataya mapuloteni ake m'magazi. Ina ndi GFAP, imakwera msanga mtsempha ukaphulika koma imachedwa ngati mtsempha wangotsekeka, ndiye ingathandize kusiyanitsa ziwirizi maola oyambirira. S100B imafika pamwamba pakatha masiku awiri atatu ndipo ikakwera kwambiri nthawi zambiri gawo la ubongo lomwe lawonongeka limakhala lalikulu, vuto lake imachedwa pomwe dokotala akufuna yankho pompo. NT-proBNP, yomwe imachokera mumtima osati mu ubongo, ikakwera imaloza kuti magazi oundanawo mwina achokera mumtima. Koma kukula kwa sitiroko pakadali pano amakuyeza pomupima wodwalayo, kumuuza akweze mkono, atsinzine, atchule zinthu, n'kupereka mapointi pa muyezo wotchedwa NIHSS kuyambira 0 mpaka 42.

Ndiye zikachitika musayambe mwapita ku labotale yapafupi kukayezetsa malungo n'kumadikira zotsatira, mphindi iliyonse mtsempha waukulu uli wotsekeka maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa. Osamumwetsa madzi kapena phala poti akhoza kutsamwa, mugonekeni chammbali ngati akusanza kapena sakudzidziwa bwino. Tengani kabuku kake kakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa, ndipo kumbukirani nthawi yeniyeni yomwe munamuona komaliza ali bwinobwino, kaya inali 6 koloko akumwa tiyi, adokotala adzakufunsani zimenezo poyambirira penipeni.