Envulopu za ndalama ku Japan zinayamba bwanji

Ku Japan ukangosolola ndalama m'thumba nkumupatsa munthu pamanja pa ukwati kapena pamaliro amakuona ngati sunaleledwe bwino, ndalama imayenera kukulungidwa kaye, ndipo envulopu yake si yamakalata ija ayi.

Kalekale sizinali ndalama. Pamaliro anthu ankabwera ndi lubani wofukizira malemu, akumudzi ankasenzanso mpunga ndi ndiwo zoti anamfedwa adyetsere anthu, nde mpaka pano chipepeso amachitcha koden, ko ameneyo ndi lubani. Ndalama zinalowa m'malo mwa katundu koma dzina linatsala. Ngakhale otoshidama, ndalama zopatsa ana pa chaka chatsopano, poyamba tinali timikate ta mpunga totchedwa mochi tomwe ankayamba atipereka nsembe kwa Toshigami mulungu wa chaka, zandalamazi zinafala cha m'ma 1950 ndi 1960 chuma chitayamba kuyenda.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi kapepala kopindidwa kali pakona ya envulopu ya ukwati, noshi. Kale kanali kanyama kenikeni ka nkhono ya m'nyanja, awabi, kosendedwa motalika nkuumitsa, chakudya chaulemu chomwe mpaka lero amachiperekabe nsembe ku kachisi wa Ise. Pano kangotsala kapepala basi koma pa envulopu ya maliro simungakapeze, pa mwambo wa Chibuda zanyama sizilowa pamaliro.

Kenako pali tizingwe tapepala lopota, mizuhiki. Amati Ono no Imoko, kazembe amene anatumidwa ku China mu 607, anabwerako ndi mphatso zomanga ndi zingwe zofiira ndi zoyera, lero tambiri timapangidwa ku Iida m'chigawo cha Nagano. Kamangidwe kake nako kali ndi tanthauzo, pa ukwati ndi pamaliro amamanga mfundo yosamasuka kuti zimenezi zisadzachitikenso, koma kukabadwa mwana amamanga yomasuka ngati ya zingwe za nsapato chifukwa izi nde zibwerezedwe ndithu.

Mnzako akamakwatira nthawi zambiri umaika 30,000 yen, mapepala atatu atsopano ochokera ku banki kusonyeza kuti tsikuli umaliyembekezera, nambala yogawika pawiri amaipewa poopa kugawa banja, 4 nde ayi chifukwa m'Chijapani amati shi, mawu omveka ngati imfa. Pamaliro amatembenuza, umaika ndalama zakale zoyendayenda kuti zisaoneke ngati unakonzekeratu imfa ya munthu, dzina lako umalemba ndi inki yotuwa ngati yasungunuka ndi misozi, ineyo pamenepa mpomwe ndimaona kuti anthuwa anaganizira mtima wa wofedwa mpaka pa tinthu tating'ono.

Pa tebulo lolandirira alendo amalemba aliyense ndi zomwe wapereka, ndipo pakatha mwambo wa tsiku la 49 chimwalirireni munthuyo banja lofedwa limatumiza kwa aliyense mphatso ya pafupifupi theka la chipepeso chake, kawirikawiri tiyi kapena mathawulo.