Mphindi zitatu zinachokera kubafa: mbiri ya mpikisano wa 3MT

Nyengo ya mipikisano ya Three Minute Thesis (3MT), yomwe ophunzira a PhD amafotokoza kafukufuku wawo pa mphindi zitatu, ikangofika, mkangano womwe uja umadzukanso pakati pa anthu a m'mayunivesite. Ena amati palibe chinthu china chomwe chathandiza ophunzira a PhD kutsegula pakamwa kuposa chimenechi, ena amati ndi zisudzo basi, munthu wakhala zaka zinayi mu labu kapena akuzungulira m'midzi ndi mafunso, ndiye lero mumuuze kuti zonsezo azinene pa mphindi zitatu ngati akutsatsa sopo pa wailesi? Ine nkhaniyi inandigwira mtima pomwe mnzanga wina amene akuphunzira ku South Africa ankakonzekera kulowa nawo. Ankandiimbira usiku, foni ina ali nayo pambali ikuwerenga masekondi, akafika kumapeto inali ikuonetsa 3:20, ndiye ayambirenso, achotse chiganizo china, mpaka anachotsa ndime yonse yofotokoza mmene anatolerera zitsanzo zake, ntchito yomwe inamudyera chaka chathunthu. Mawu ake tsiku limenelo ankamveka kuti zamupweteka. Mpamene ndinayamba kufufuza kuti kodi mphindi zitatuzi anazitenga kuti.

Yankho lake lili ku Brisbane, m'chigawo cha Queensland ku Australia, ndipo likuyambira pa chilala. Zaka zoyambirira za m'ma 2000 mvula inavuta kwambiri kumeneko, chilala chomwe eni ake amachitcha Millennium Drought. Pofika mu 2007 madamu atatu omwe amamwetsa mzindawu, Wivenhoe, Somerset ndi North Pine, anali atatsika kufika pansi pa 20 peresenti. Bungwe loona za madzi la Queensland Water Commission linayambitsa kampeni ya Target 140, kutanthauza kuti munthu mmodzi asapyole malita 140 pa tsiku. Kwa ife amene tinakula tikutunga pa mjigo, zimenezo ndi zigubu 7 za malita 20, madzi ambiri ndithu, koma kwa anthu ozolowera kuthirira kapinga ndi paipi komanso kukhalitsa mu shawa kunali kusintha moyo. Ndiye m'makomo munagawidwa timawotchi ta mchenga, tija timagalasi tiwiri tolumikizana pakati, kuti umate pakhoma la bafa, ukatsegula mpopi ukatembenuze, mchenga ukathera pansi nawenso utseke madzi, kaya sopo akadali m'mutu.

Apa mpamene pakubwera Pulofesa Alan Lawson, amene panthawiyo anali mkulu wa sukulu ya ophunzira a kafukufuku pa University of Queensland. Mmene yunivesiteyo imafotokozera, ganizo la mpikisanowu linamubwerera chifukwa cha kawotchi ka m'bafa kameneka: ngati munthu angathe kusamba n'kuyera mchenga usanathe, bwanji wophunzira osafotokoza kafukufuku wake pa nthawi yomweyo? Pali kanthu kena komwe sikagwirizana bwino, ndipo ndikaneneretu. Nkhani ya yunivesite imanena za kawotchi ka mphindi zitatu, kaja kophikira dzira, pomwe timene kampeni ya Target 140 inagawa tinali ta mphindi zinayi. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, poti mawotchi ophikira dzira a mphindi zitatu anthu amakhala nawo kale m'makhitchini, koma tizikumbukira kuti nkhani ya kubafayi timaimva kuchokera kwa eni mpikisano, ndipo nkhani yokoma ikamabwerezedwa imasalala. Chinanso, mphindi zitatu sizinayambire ku Brisbane. Mpikisano wina wotchedwa FameLab unayamba mu 2005 ku Cheltenham Science Festival ku Britain, nawonso umapatsa asayansi mphindi zitatu. Chatsopano chomwe Lawson anachita n'chakuti anautengera mpikisano mkati mwa yunivesite n'kuupereka kwa ophunzira a PhD a maphunziro amtundu uliwonse, wa mbiri yakale, wa malamulo, wa zamankhwala, onse pa siteji imodzi.

Woyamba unachitika mu 2008 ndipo analowa ophunzira 160. Malamulo ake ndi ouma. Slide imodzi yokha ya PowerPoint, yosayenda, yopanda vidiyo kapena nyimbo. Osanyamula chida chilichonse cha mu labu, osavala zovala za sewero, osalakatula ndakatulo, osaimba, ungoyankhula basi. Ukapyola mphindi zitatu watuluka mu mpikisano, ngakhale ukhale unayankhula bwino chotani. Majaji amaona zinthu ziwiri, ngati nkhani yako yamveka komanso ngati unawakoka anthu kuti afune kumva zambiri, ndiye pamakhalanso mphoto ina yomwe amasankha ndi anthu omvera. Eni ake amakonda kunena kuti thesis (buku lomwe wophunzira amalemba lofotokoza kafukufuku wake) ya mawu 80,000 ingatenge maola 9 kuti uiwerenge mokweza. Pa mphindi zitatu munthu amayankhula mawu pafupifupi 400.

Zotsatira zake zinayenda mwachangu. Mu 2010 kunachitika mpikisano woyamba wa mayunivesite a Australia ndi New Zealand, mu 2016 unakula n'kukhala wa Asia-Pacific, mu 2020 Covid itavuta anthu anayamba kutumiza mavidiyo. University of Queensland imati pano ukuchitika m'mayunivesite oposa 900 m'mayiko oposa 85, chiwerengero cha eni ake chimenecho. Ku South Africa wa dziko lonse umachitikira ku University of the Free State.

Mbali yomwe ine imandisangalatsa kwambiri ndi ya olankhula Chifalansa. Bungwe la Acfas ku Quebec, ku Canada, linautenga mu 2012 n'kuutcha Ma thèse en 180 secondes (Thesis yanga pa masekondi 180), France inalowa mu 2014, ndipo ndime yomaliza ya mayiko onse yafikako mu Africa muno, ku Rabat, Morocco, mu 2016 ndi ku Dakar, Senegal, mu 2019. Mu 2017 anapambana ndi Marielle Yasmine Agbahoungbata wa ku Benin, chaka chotsatira ku Lausanne, Switzerland, anapambana Geneviève Zabré wa ku Burkina Faso, amene ankafufuza za zomera zomwe zingachepetse mpweya wa methane umene nkhosa zimatulutsa zikamagaya chakudya. Nkhani ya nkhosa ndi masamba a mitengo, yofotokozedwa mwakuti woweta aliyense angaitsatire, n'kugonjetsa anzake ochokera m'mayunivesite olemera a ku Ulaya.

Tsono otsutsa aja sakunena zopanda pake ayi. Amene akufufuza za khansa kapena malungo amayamba ali kale patsogolo, chifukwa akangoti "taganizani mwana wanu akudwala" holo yonse yatchera khutu, pomwe wa masamu kapena wa filosofi amatha mphindi yathunthu akungoyala maziko. Kafukufuku weniweni amakhala ndi "mwina" wambiri, zoyesa zomwe zinakanika, zotsatira zomwe sizinatsimikizike, ndipo zimenezi ndi zomwe zimayamba kudulidwa nthawi ikachepa, monga inadulidwira ndime ya mnzanga ija. Palinso nkhani ya chiyankhulo, yomwe kwa ine ndiye yaikulu. Amati ukuyankhula kwa anthu wamba, koma anthu wambawo ndi a m'holo ya yunivesite, omva Chingerezi kapena Chifalansa. Wophunzira amene Chingerezi anachiyambira ku sukulu amapikisana ndi amene anachiyamwira, ndipo mayi amene anamuyankha mafunso kumudzi kuja sadzamva n'komwe zomwe zinapezeka.

Komabe ndikayeza mbali ziwirizi mtima wanga umatsamira kwa ophunzirawo. Mpikisanowu sunabwere kudzalowa m'malo mwa thesis, mabuku aja amalembedwabe, oyesa mayeso amawawerengabe tsamba ndi tsamba. Chomwe unawonjezera ndi tsiku limodzi lomwe munthu amakakamizika kuyankha funso lomwe achibale akhala akumufunsa zaka zonsezi, lakuti kodi kwenikweni ukuphunzira chiyani kumeneko. Ambiri mwa iwo amalipiriridwa ndi ndalama za misonkho kapena za mabungwe othandiza, ndipo thesis yambiri imathera pa shelefu ya laibulale osatsegulidwanso.

Mnzanga uja sanapambane, anathera pa ndime ya m'fakalite mwake, wotchi itaima pa 2:54. Atabwera ku holide bambo ake anamufunsa funso lija ali pakhonde, ndipo anawafotokozera m'Chichewa, osayang'ana pepala. Bambowo anamufunsa mafunso ena mpaka nsima inapsa, ndipo limodzi mwa mafunsowo linali lakuti zitsanzo zakezo anazitolera bwanji.