Mikado: Mfumu Yotchulidwa ndi Chipata Chake

Kalekale ku Japan munthu sankatchula mfumu yaikulu ndi dzina lake. Kutero kunali chipongwe, monga kuitana apongozi ndi dzina pagulu. Ndiye anthu ankangotchula malo amene mfumuyo inkakhala. Liwu lakuti Mikado lidachokera pamenepo: "kado" ndi chipata, ndipo "mi" amamuika patsogolo pa zinthu za milungu ndi zachifumu posonyeza ulemu. Poyamba linkanena chipata cha nyumba yachifumu, kenako bwalo lonse, pomaliza mwini bwaloyo. Udindo weniweni wa mfumuyo ndi Tennō, wolamulira wa kumwamba, umene udayamba kumveka m'zaka za m'ma 600.

Nanga bwanji azungu adakakamira Mikado? Chifukwa chake n'chakuti adapeza dziko looneka ngati lili ndi mafumu awiri. Kuyambira 1603 asilikali, misonkho ndi malamulo zinali m'manja mwa shogun, mkulu wa asilikali, wa banja la Tokugawa ku Edo. Mfumu inkakhala phee ku Kyoto, likulu lake kuyambira 794, ikuchita miyambo yachipembedzo ndi kupereka maudindo, ngakhale wa shogun womwewo. Engelbert Kaempfer, dokotala wa ku Germany amene adakhala ku Dejima, ku Nagasaki, kuyambira 1690 mpaka 1692, adafotokozera anthu a ku Ulaya kuti ina ndi mfumu ya zauzimu, ina ya zadziko. Maganizo amenewa adakhalitsa, ndipo adasokoneza ambiri. Matthew Perry atafika ndi zombo zankhondo za America mu 1853, kalata ya Pulezidenti Millard Fillmore yopita kwa mfumu idalandiridwa ndi nduna za shogun. Akazembe adazolowera kutchula wa ku Edo kuti Tycoon, wa ku Kyoto kuti Mikado, mpaka adazindikira kuti mapangano awo sangalimbe popanda chilolezo cha ku Kyoto. Chilolezocho chidaperekedwa mu 1865.

Ulamuliro wa shogun utagwa mu 1868, Mfumu Meiji idasamukira ku Edo, mzinda umene udapatsidwa dzina la Tokyo, ndipo malamulo a dziko a mu 1889 adalemba Tennō.

Kunja liwu lakale lija lidapitirira, koma ulemu wake udachepa, ndipo ine ndimaona kuti apa lidalakwiridwa. Mu 1885 ku Savoy Theatre ku London kudatsegulidwa sewero lanthabwala la Gilbert ndi Sullivan lotchedwa The Mikado, limene lidaonetsedwa maulendo 672 motsatizana. Linkanyogodola ndale za Angelezi, koma chovala lidabwereka cha Japan. Boma la Britain lenilenilo lidachita nalo manyazi: mu 1907 lidaletsa seweroli kwa kanthawi pamene Kalonga Fushimi Sadanaru wa ku Japan ankabwera kudzacheza.

Lero Mjapani amakumana ndi Mikado m'mabuku akale basi. Mwambo wopewa dzina wokha ulipobe. Naruhito, amene adalowa ufumu pa 1 May 2019, kwawo amati Tennō Heika, ndipo agogo ake, a Hirohito, amene adamwalira mu 1989, amatchedwa Shōwa Tennō, potengera dzina la nyengo ya ulamuliro wawo.