Gumbwa wa ku Kirtland ndi mkangano wa Buku la Abrahamu

Mu July 1835 munthu wina dzina lake Michael Chandler anafika m'tauni ya Kirtland, ku Ohio, ndi katundu wachilendo: mitembo inayi youmikidwa ya ku Egypt ndi mipukutu ya gumbwa yolembedwa zilembo zakale. Ankayenda nazo tauni ndi tauni, anthu n'kumalipira kuti aone. Zinthuzi anazifukula Antonio Lebolo m'manda a kufupi ndi Thebes, mzinda wakale wa ku Egypt. Ku Kirtland n'kumene kunali Joseph Smith, yemwe anayambitsa mpingo wa a Mormon, ndipo iye ataona mipukutuyo anati wina ndi zolemba za Abrahamu, wina za Yosefe mwana wa Yakobo. Anthu ake anasonkha madola 2,400 n'kugula zonse.

Kugula kumeneku n'kumene kunadzabala mlandu wovuta kuposa wa Buku la Mormon lenilenilo. Buku limenelo, lomwe linatuluka mu 1830 ku Palmyra, Smith anati analimasulira kuchokera pa mapale a golide amene mngelo Moroni anadzawatenganso. Mboni 11 zinavomera kuti zinawaona, koma mapalewo kulibe, ndiye wokhulupirira ndi wokayika akhoza kutsutsana mpaka dzuwa kulowa popanda chogwira m'manja. Gumbwa uja ayi. Anagulidwa ndi ndalama, anthu anamuona, ndipo zina mwa zidutswa zake zilipo mpaka lero.

Buku la Abrahamu, limene Smith anati analimasulira kuchokera pa gumbwayo, linasindikizidwa mu 1842 m'nyuzipepala ya mpingowo, Times and Seasons, ku Nauvoo, pamodzi ndi zithunzi zitatu zokopedwa pa gumbwayo. Mawu oyamba akuti nkhaniyo inalembedwa ndi dzanja la Abrahamu mwini. Nthawi imeneyo ku America kunalibe woti n'kumutsutsa. Champollion anali atangotulukira kawerengedwe ka zilembo za ku Egypt mu 1822 ku France, ndipo nzeruzo zinali zisanafale.

Smith anaphedwa m'ndende ya Carthage mu 1844. Mu 1856 mkazi wake Emma anagulitsa mitembo ndi mipukutu kwa Abel Combs. Zina zinakathera m'nyumba yoonetsera zinthu zakale ku Chicago, ndipo moto waukulu wa 1871 utapsereza mzindawo, anthu anangoti zonse zapita. Mpingo unalandira bukulo ngati malemba opatulika mu 1880.

Koma zithunzi zitatu zija zinali zitafalitsidwa kale. Mu 1912 bishopu wa mpingo wa Episcopal ku Utah, Franklin Spalding, anazitumiza kwa akatswiri asanu ndi atatu a zinthu zakale, kuphatikizapo Flinders Petrie ndi James Henry Breasted. Onse anati ndi zithunzi wamba za chipembedzo ndi maliro a ku Egypt. A mpingo anayankha kuti bishopuyo anali ndi mangawa nawo, komanso akatswiriwo anangoona zokopa, osati gumbwa weniweni.

Yankho lachiwirili linatha mphamvu mu 1966, pamene Aziz Atiya, mphunzitsi wa pa University of Utah yemwe sanali wa mpingowo, anaona zidutswa za gumbwa ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Zinaperekedwa kwa mpingo mu November 1967, ndipo mpingowo, tiuyamikire apa, unazisindikiza poyera chaka chotsatira.

Pakati pa zidutswazo panali chithunzi choyamba chenichenicho. Munthu wagona pa kama wooneka ngati mkango, wina waimirira pambali pake, mbalame ili m'mwamba, pansi pa kama pali mitsuko inayi, kunsi kwake kuli ng'ona. Smith anati wogonayo ndi Abrahamu atamangidwa paguwa, woimirirayo ndi wansembe wa fano atagwira mpeni, mbalameyo ndi mngelo wa Ambuye, mitsukoyo ndi milungu yotchedwa Elkenah, Libnah, Mahmackrah ndi Korash. Akatswiri amati woimirirayo ndi Anubis, mulungu woyang'anira kukonza mitembo, amene amajambulidwa ndi mutu wa nkhandwe, ndipo mitsukoyo ndi ya ana anayi a mulungu Horus, yosungiramo zam'mimba za womwalira. Chochititsa chidwi n'chakuti gumbwayo ngong'ambika ndendende pamene payenera kukhala mutu ndi dzanja la woimirira uja. Mutu wa munthu ndi mpeni zimene zili pa chithunzi cha 1842 zili pamalo ong'ambikawo.

Akatswiri a zilembo za ku Egypt Klaus Baer, John Wilson ndi Richard Parker anawerenga zidutswazo mu 1968. Mpukutu wa chithunzicho ndi kalata ya maliro yothandiza wakufa kupumanso kudziko la mizimu, yolembedwera wansembe wina dzina lake Hor, zaka zoposa 1,000 Abrahamu atamwalira. Dzina la Abrahamu mulibemo.

Oikira kumbuyo bukuli, monga Hugh Nibley ndi John Gee, sanagonje. Ena amati nkhani ya Abrahamu inali pa mbali ya mpukutu imene inapsa ku Chicago, ndipo n'zoona kuti zambiri zinatayika. Chovuta n'chakuti pa mapepala a alembi a Smith, zilembo zokopedwa m'mbali mwa mawu a Buku la Abrahamu zikuchokera pa chidutswa cha Hor chomwecho, motsatana, ndipo bukulo palokha limalozera wowerenga ku chithunzi chimenechi. Kwa ine, maganizo a mpukutu wotayika amapunthwa pamenepa. Ena amati gumbwayo anangotsegulira Smith njira ya vumbulutso. Zimenezo palibe katswiri angazitsutse, koma si zimene owerenga a 1842 anauzidwa. Mu 2014 mpingo unalemba poyera kuti akatswiri, a mpingo ndi akunja omwe, amagwirizana kuti zilembozo sizifanana ndi zimene Smith anamasulira, ngakhale unapitiriza kunena kuti bukulo ndi louziridwa. Nthambi ina ya otsatira Smith, Community of Christ, siliwerengera pa malemba ake.

Kwa ife anthu akuda, bukuli lili ndi mbiri inanso. Mutu wake woyamba umati Farao anali wa mbumba ya Hamu, yotembereredwa pa nkhani ya unsembe. Smith ali moyo, munthu wakuda Elijah Abel anadzozedwa unsembe, koma kuyambira 1852, mu utsogoleri wa Brigham Young, amuna akuda analetsedwa, ndipo m'kupita kwa nthawi mavesi amenewa ankatchulidwa poikira kumbuyo chiletsocho. Chinachotsedwa mu June 1978 Spencer W. Kimball ali mtsogoleri, ndipo mu 2013 mpingo unakana chiphunzitso chakuti khungu lakuda ndi chizindikiro cha temberero. Mavesiwo sanachotsedwe m'bukumo.