Chipukutamisozi kwa amalonda ang'onoang'ono a ku Kasungu: mafunso ndi mayankho

Kodi munthu wa okala kapena wa kagolosale angalipiridwe ngati bungwe la boma lamuwonongetsa mpamba?

Inde, malamulo amalola. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda ndi kupeza zosowa pa moyo wake, gawo 43 limati maofesi a boma azigwira ntchito motsata malamulo ndi mwachilungamo komanso azipereka zifukwa zolembedwa pa zimene achita, ndipo gawo 46 limapatsa mabwalo amilandu mphamvu zolamula chipukutamisozi kwa amene ufulu wake waphwanyidwa. Chotero ndalamazi si chifundo cha akuluakulu, koma ndi ngongole imene wolakwa ayenera kubweza.

Kodi kuluza kulikonse kumalipiridwa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Muyenera kuonetsa kuti bungwelo linali ndi udindo, kuti linalephera pa udindowo, ndiponso kuti kulepherako ndi kumene kunakuwonongerani katundu. Mayi wogulitsa freezes ndi thobwa pafupi ndi depoti, amene firiji yake yapsa chifukwa magetsi abwera mwamphamvu, ali ndi poyambira. Chimodzimodzinso bambo amene benchi lake lagumulidwa popanda chidziwitso pamene ali ndi chiphaso ndipo amadula tikiti ya msika tsiku lililonse. Koma amene anamanga m'malire a msewu wa M1 popanda chilolezo, nachenjezedwa kangapo, nkhani yake imakhala yovuta.

Nanga umboni wofunika ndi wotani?

Ine ndimaona kuti funso lalikulu ndi limeneli, chifukwa amalonda athu ambiri amasunga mawerengero onse m'mutu, ndipo tsiku la tsoka amapezeka alibe pogwira. Kakope kaja mumalembamo zimene mwaoda ndi zimene mwagulitsa, ngakhale katada ndi mafuta ophikira, ndi kamtengo wapatali. Sungani malisiti a katundu, matikiti a msika, chiphaso cha malonda, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza mmene ndalama zinkayendera. Jambulani zowonongekazo pa foni tsiku lomwelo musanachotse kanthu, lembani tsiku ndi nthawi, ndipo tengani mayina a anzanu a pamsika amene anaona. Ngati chapsa ndi chipangizo, musathamangire kwa wokonza wa pakhonde eni magetsi asanachione. Amene anakongola mpamba kubanki mkhonde apemphe kalata kwa alembi a gululo, pakuti ngongoleyo imasonyeza kukula kwa zimene wataya.

Kodi dandaulo liyambire kuti?

Liyambire ku bungwe lomwelo, polemba kalata, osati pakamwa pokha. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi muisiye, inayo akudindireni kuti alandira. Akakhala chete kapena akakana popanda chifukwa chomveka, nkhani za magetsi zimapita ku MERA, bungwe la boma loyang'anira ntchito za magetsi ndi mafuta, pamene za kusalungama kwa maofesi a boma ndi makhonsolo zimapita kwa Ombudsman, amene gawo 123 limamupatsa mphamvu zofufuza pamene munthu walakwiridwa ndipo njira ya kubwalo siyotheka kwa iye. Kudandaula kwa Ombudsman n'kwaulere.

Nanga wofuna kusumira boma kubwalo?

Lamulo limafuna kuti ayambe wapereka chidziwitso cholembedwa kwa Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndipo adikire miyezi itatu asanatsegule mlandu. Amene alibe ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa kuti iyimire anthu osauka. Musazengereze, pakuti milandu ili ndi malire a nthawi, ndipo pempho lakuti bwalo lalikulu liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi itatu.

Kodi ndi bwino kudandaula pagulu?

Ngati vuto lagwera anthu ambiri nthawi imodzi, monga mzere wonse wa mabenchi, kuyendera limodzi kudzera mu komiti ya msika kumachepetsa ndalama zoyendera kupita ku Lilongwe ndipo mawu anu amamveka. Komabe aliyense alembe payekha zimene wataya ndi mtengo wake weniweni, chifukwa mmodzi akangokokomeza, oyankha mlandu amagwira pomwepo n'kukayikira umboni wa gulu lonse.